Kuchoka ku Mzuzu kupita kudziko la chipale: kavalidwe, ulendo wa kuntchito ndi kukonzekera namondwe

Munthu wa ku Mzuzu sauzidwa za kuzizira. Juni ndi Julaye timawadziwa: mvula yamawawa yosaleka, chifunga cha ku Chikangawa chobisa galimoto ili pamphuno panu, madzi a m'ndowa oluma zala m'mamawa. Ku Nyika udzu umacha utayera ndi chisanu. Ndiye mwana wa kuno akapeza malo a sukulu ku Canada, kapena namwino akapeza ntchito ku Scotland, abale amamulimbitsa mtima kuti, "Iwe ndiye sukavutika, unazolowera kale." Mawuwa ndi achikondi, koma amasocheretsa. Usiku wozizira wa kuno umangotsikirako pansi pa madigiri 10. Ku Winnipeg ndi Edmonton ku Canada, kapena ku Moscow ku Russia, madigiri 20 pansi pa ziro si nkhani yoti anthu n'kuimirira pamsewu kukambirana. Choopsa kwambiri n'chakuti zomwe zimatifunditsa kuno, monga mbaula m'nyumba, kuunjika malaya athonje, kutikita zala ndi kotha moto, kumeneko ndi zomwe zimavulaza ndi kupha.

Musanakwere basi ya ku Lilongwe

Yambirani pa kaunjika. Mabelo otsegulidwa mumsika waukulu ndi ku Zigwagwa ambiri amachokera kumayiko ozizira omwewo, ndipo m'miyezi yotentha ya Okotobala ndi Novembala majekete olemera sayenda malonda, choncho mtengo umakambika. Musagule ndi maso okha. Tembenuzani chovalacho, mupeze kansalu koyera kosokeredwa m'mbali mwake, muwerenge. Mukaona wool, merino, fleece, polyester kapena down, tengani. Mukaona cotton, bwezani pamulu ngakhale chikongole chotani. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndipo nsalu yonyowa yokhudza khungu imakoka kutentha kwa thupi mofulumira kuposa kukhala ndi chovala chopyapyala chouma. Jekete muiyese motere: lowetsani dzanja mkati, muike nsaluyo pakamwa, mupuzire mwamphamvu. Mpweya ukafika padzanja, mphepo ya kumeneko idzadutsanso. Kokani zipi kukwera ndi kutsika kangapo, chifukwa zipi yofa pa jekete ya chisanu ndi jekete yofa.

Zokwanira kuyambira nazo ndi izi: zamkati zogwira thupi, malaya a manja aatali ndi kathalauza kake, mapeya 2; majuzi 2; masokosi aubweya mapeya 4 kapena 5; chipewa chophimba makutu, sikafu ndi magolovesi. Nsapato zokha ndi bwino mukagule komweko, mutaona zomwe eni dziko akuvala. Jombo za mphira zopita nazo kudimba musanyamule: madzi salowa inde, koma mphira sasunga kutentha, ndipo pamadzi oundana amaterereka. Nsapato yoyenera ndi yosalowa madzi, yofika pamwamba pa kakolo, ya mano akuya kuphazi, yokulirapo ndi saizi imodzi kuti sokosi yokhuthala ikwane.

Jekete, chipewa ndi magolovesi zikhale m'chikwama cha m'manja. Kuchoka pa Kamuzu International Airport mudzasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo chikwama chachikulu chikhoza kutsalira panjira. Wonyamuka kuno mu Disembala amachoka kuli dzinja lotentha n'kukatsika pakati penipeni pa chisanu.

Kuvala

Zovala zikhale m'magawo atatu. Choyamba chogwira thupi, chotulutsa thukuta. Chachiwiri juzi, yosunga mpweya wofunda. Chachitatu jekete yotchinga mphepo ndi madzi. Chimene chimafunditsa ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa zovalazo, n'chifukwa chake chilichonse chothina chimazizira. Masokosi awiri opanikizidwa mu nsapato yothina amatseka magazi, zala n'kuchita dzanzi msanga kuposa mutavala imodzi. Jinzi payokha siteteza kanthu, ivalidwe pamwamba pa kathalauza kamkati kaja. Kukazizira zedi, magolovesi osunga zala zinayi pamodzi amafunda kuposa olekanitsa chala chilichonse.

Cholakwika chomwe obwera kumene amachita kawirikawiri ndi kusavula. M'basi, m'sitolo ndi m'kalasi mumakhala motentha ngati masana a kuno. Mukakhala mmenemo mutadzimanga zonse, mutuluka thukuta, ndipo potuluka panja thukutalo lizizira pathupi. Mukangolowa, tsegulani zipi, vulani chipewa ndi sikafu. Pakani Vaseline pamilomo, m'manja ndi m'miyendo, chifukwa mpweya wa m'nyumba zotenthetsedwa ndi wouma ndipo khungu limang'aluka. Foni isungidwe m'thumba lamkati pafupi ndi chifuwa. Batire yake ikazizidwa imatha mwadzidzidzi, ngakhale inkaonetsa theka.

Kuwerenga zanyengo

Kuno mvula timaionera kumitambo. Kumeneko namondwe wa chipale amalengezedwa kutatsala masiku angapo, ndipo amene amavutika kwambiri ndi omwe sanawerenge. Tsiku lililonse musanagone, ndiponso mukangodzuka, onani zanyengo pafoni. Pamakhala manambala awiri: la kuzizira kwenikweni, ndi la mmene thupi limvere mphepo ikawonjezapo, lolembedwa feels like kapena wind chill. Valani motsatira lachiwirilo. A zanyengo ku Canada amati likafika pakati pa 28 ndi 39 pansi pa ziro, khungu losaphimbidwa limauma ndi chisanu m'mphindi 10 mpaka 30. Opita ku America asamale: kumeneko amawerenga mu Fahrenheit. Akati 32 ndiye ziro yathu, pomwe madzi amaundana. Akati 0 ndiye pafupifupi 18 pansi pa ziro.

Ku Britain a zanyengo a Met Office amachenjeza ndi mitundu itatu. Yellow ndi yoti mukhale tcheru, amber ndi yoti musinthe mapulani a ulendo, red ndi yoti moyo uli pachiswe, musatuluke. Ku America, watch akutanthauza kuti namondwe akhoza kubwera, warning kuti wafika kapena ali pakhomo. Mawu akuti blizzard musawatenge ngati chipale chambiri chabe. Ndi mphepo ya makilomita 56 pa ola kapena kuposa, youlutsa chipale mpaka munthu osaona kupitirira mamita 400, kwa maola 3 kapena kuposerapo. Munthu amasochera pakati pa galimoto ndi chitseko cha nyumba.

Chenjezo likangotuluka, pitani kusitolo tsiku lomwelo, chifukwa mawa lake mashelefu a buledi ndi mkaka amakhala atayera. Konzekerani masiku 3 osatuluka. Madzi malita 4 pa munthu patsiku, ndiye malita 12 aliyense. Chakudya chikhale chosafuna moto: buledi, chiponde, mtedza, nsomba ndi nyemba za m'zitini, mabisiketi, mkaka wa m'mapaketi wosafuna firiji. Ufa uja munanyamula kuno sungakuthandizeni magetsi akazima, chifukwa mbaula yake ndi ya magetsi. Onjezani tochi ndi mabatire, mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku, matewera ndi mkaka wa mwana, ndalama zapamanja pang'ono. Tchajani foni ndi power bank. Ngati muli ndi galimoto, dzazani thanki.

Kuzima kwa magetsi tinakuzolowera, koma kumeneko kumabwera ndi china: magetsi akapita, zotenthetsera nyumba zimaimanso, ngakhale zoyendera gasi, chifukwa pampu ndi fani yake zimafuna magetsi. Zikatero sonkhanani nonse m'chipinda chimodzi chaching'ono, tsekani zitseko za zipinda zina, tsekani makatani, ikani thaulo kunsi kwa chitseko, gonani mutavala zipewa. Siyani mpopi ukudontha pang'onopang'ono ndipo tsegulani kabati ya pansi pa sinki. Madzi akaundana amafufuma n'kung'amba paipi, ndipo mng'aluwo umaonekera pomwe ayamba kusungunuka, nyumba yonse n'kusefukira. Tsiku lolowa m'nyumba funsani eni ake akuonetseni potsekera madzi a nyumba yonse. Ku Britain nambala ya vuto la magetsi ndi 105.

Mbaula ayi

Apa ndi pomwe tikupempha mumvetsetse. Nyumba zathu zambiri zili ndi mipata pakati pa khoma ndi malata, timabowo ta mpweya pamwamba pa mawindo, zitseko zosagwira pansi. Ngakhale zili choncho, nyengo yozizira ikafika timamva za anthu omwe anagona ndi mbaula m'chipinda osadzukanso. Nyumba za kumayiko a chipale zinamangidwa kuti mpweya usalowe kapena kutuluka. Makala, nkhuni, gasi, parafini ndi petulo zikamayaka pamalo otsekeka zimatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, womwe umamatirira m'magazi mwamphamvu koposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwino. Makala oyaka bwino, ofiira, opanda utsi, amautulutsabe. Choncho chootchera nyama cha panja chisalowe m'nyumba, uvuni ya gasi isatsegulidwe kuti ifunditse khitchini, galimoto isalire m'galaja ngakhale chitseko chili chotsegula, ndipo jenereta ikhale panja mamita 6 kuchoka pa zitseko ndi mawindo. Chisanu chitagwa ku Texas, ku America, mu Febuluwale 2021, magetsi n'kuzima kwa masiku, boma la kumeneko linawerenga anthu 246 omwalira, ndipo ena mwa iwo anaphedwa ndi mpweya umenewu pofuna kudzifunditsa.

Zizindikiro zake zimanamiza Mmalawi kuposa wina aliyense: mutu, chizungulire, nseru, kuphwanya m'thupi, tulo. Mudzaganiza kuti ndi malungo, n'kumwa Panado, n'kugona. Dzifunseni mafunso awiri. Kodi ena m'nyumbamo akumvanso chimodzimodzi? Kodi mukatuluka panja zikuchepa? Ngati ndi choncho tulukani nonse nthawi yomweyo, muimbe foni muli panja: 999 ku Britain, 911 ku America ndi Canada, 112 m'mayiko a ku Ulaya. Nyumba iliyonse ikhale ndi kachipangizo kolira kakamva mpweyawu. Kadinani batani lake kamodzi pamwezi kuti muone ngati kakugwira ntchito. Chipale chikagwa chambiri, zungulirani nyumba mufukule mapaipi otulutsa utsi wa zotenthetsera. (Malungo enieni nawo akhoza kutulukira mutafika kale. Thupi likatentha, uzani dokotala msanga kuti mwachokera ku Malawi, chifukwa sangawaganizire yekha.)

China chofanana nacho ndi kuzimitsa hita pofuna kusunga ndalama zotumiza kumudzi. Mtima wake ndi wabwino, koma a zaumoyo ku Britain amalangiza kuti chipinda chokhalamo chisatsike pansi pa madigiri 18. Nyumba yozizira yomwe mukuphikamo nyemba ndi kuyanikamo zovala imachita chinyezi, makoma n'kumera chuku chakuda, ana n'kuyamba chifuwa. Pophika yatsani fani ya pamwamba pa chitofu, ndipo tsegulani windo mphindi 10 patsiku. Mukachoka masiku angapo, siyani hita pa madigiri 13 kuti mapaipi asaundane.

Kupita kuntchito

Chipale chongogwa kumene, chofewa, chimayendeka. Choopsa ndi cha mawa lake, chomwe chinasungunuka masana n'kuundananso usiku. Pamsewu chimangooneka ngati tala wonyowa, koma ndi galasi. Yendani timasitepe tifupitifupi, mapazi atayang'ana kunja pang'ono, thupi litaweramira kutsogolo, phazi lonse likuponda pansi nthawi imodzi. Manja atuluke m'matumba, katundu akhale m'chikwama chakumsana. Ambiri amagwa potsika basi, potuluka m'galimoto ndi pamasitepe, ndiye gwirani chitsulo. Pali timinga tachitsulo tomangirira kunsi kwa nsapato, totsika mtengo, tothandiza kwambiri. Muzitivula polowa m'nyumba chifukwa pa matailosi timaterereka. Mdima nawo ndi wina. Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 chaka chonse, koma ku London kumapeto kwa Disembala limalowa 4 koloko isanakwane. Munthu wovala jekete yakuda woyendetsa galimoto samuona. Mangani kalamba konyezimira pamkono kapena pachikwama.

Kulibe minibasi yoima paliponse mwakweza dzanja, kulibe sakramento yokufikitsani pakhomo. Basi ndi sitima zili ndi nthawi yake, ndipo tsiku la chipale zimachedwa, kusintha njira kapena kuimitsidwa. Ikani pafoni app ya kampani ya basi ya mumzinda wanu, muione musanatuluke, munyamuke mphindi 30 mpaka 45 msanga. Valani ngati munthu woti akaima pasiteji ola lathunthu. Funsaninso za basi yomaliza yobwerera, chifukwa kupita n'kosavuta kuposa kubwerako.

Anamwino ndi osamalira okalamba, ntchito yanu sitseka. Chenjezo likakhalapo, nyamulani masokosi ena, mswachi, tchaja, mankhwala anu ndi chakudya, chifukwa wokulandirani shifiti akhoza kulephera kufika. Ngati mukuona kuti simufika, imbirani abwana madzulo a dzulo lake, osadikira nthawi yoyamba ntchito. Ku Britain lamulo silikakamiza olemba ntchito kukulipirani tsiku lomwe mwalephera kufika chifukwa cha nyengo, pokhapokha mgwirizano wanu utanena choncho, ndiye uwerengeni chisanu chisanayambe.

Oyendetsa galimoto dzukani mphindi 20 msanga. Palani magalasi onse ndi chopalira chapulasitiki, osangoboola kabowo koonera. Madzi otentha musathire, galasi limasweka. Sesani nyali, nambala ndi denga lomwe, chifukwa chipale cha padenga chimatsetserekera pagalasi mukaponda buleki, kapena kuulukira amene ali kumbuyo. M'kabotolo kotsukira galasi musathire madzi a pampopi monga timachitira kuno. Gulani osaundana, pabotolo palembedwa kuzizira komwe amapirira. Matayala wamba amauma kukazizira pansi pa madigiri 7, n'chifukwa chake pali matayala a chisanu, ndipo amaikidwa onse anayi. Ku Quebec, ku Canada, ndi lamulo kuyambira 1 Disembala mpaka 15 Malichi, ku Germany ndi lamulo nthawi iliyonse msewu uli ndi chipale kapena madzi oundana.

Poyenda chilichonse chichitike mofatsa: kunyamuka, kukhota, kuima. Galimoto ya magiya inyamuke ndi giya 2 kuti matayala asazungulire pamodzimodzi. Pamadzi oundana mtunda woimira ukhoza kutalika ka 10, ndiye siyani mpata waukulu. Milatho imaundana msewu wonse usanaundane, chifukwa mphepo imadutsa pansi ndi pamwamba. Galimoto ikayamba kuterereka, chotsani phazi pa moto, yang'anani komwe mukufuna kupita, muwongolere komweko. Mukaponda buleki n'kumva ikunjenjemera kuphazi, ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika, ikugwira ntchito, musachotse phazi. Galimoto yokankha chipale musaipitirire: kumbuyo kwake ndiye kuli msewu wabwino.

M'buti musasowe fosholo yaing'ono, bulangete, majampa, tochi, thumba la mchenga, madzi ndi chakudya. Mukatitimira kutali ndi nyumba, khalani m'galimoto. Imbani foni, yatsani mahazadi, mangani nsalu yowala pachitseko. Fukulani chipale pa ekizozi, chifukwa ikatsekeka mpweya wakupha uja umabwerera mkati. Lizani injini mphindi 10 pa ola lililonse, windo litatsegulidwa pang'ono, ndipo muziyang'ananso ekizozi musanalize. Mu namondwe wa ku Buffalo, ku America, mu Disembala 2022 munafa anthu oposa 40, ena anapezeka m'magalimoto, ena panja m'chipale.

Sukulu ikatsekedwa

Uthenga umabwera pafoni kapena pa imelo usiku kapena m'mamawa kwambiri, choncho onetsetsani kuti sukulu ili ndi nambala yanu yolondola. Kulibe azakhali oyandikana nawo oti n'kuwasiyira ana, ndipo kusiya ana aang'ono okha m'nyumba kungakuikeni m'manja mwa boma. Panganani ndi banja lina, la kutchalitchi kapena la kuntchito, chisanu chisanafike. Ana asewere panja ndithu, koma muziwalowetsa pafupipafupi, kuwavula zonyowa ndi kuona zala ndi makutu. Pa dziwe kapena nyanja youndana asapondepo. Mu Disembala 2022 anyamata anayi anamwalira ku Solihull, ku England, madzi oundana atasweka pansi pawo. Khanda musaliike pampando wake wa m'galimoto litavala jekete yofufuma, chifukwa malamba sagwira thupi. Mangani malamba kaye, bulangete pamwamba.

M'mizinda yambiri, monga New York ndi ya ku Germany, kuchotsa chipale panjira ya kutsogolo kwa nyumba ndi udindo wa eni nyumba kapena ochita lendi, ndipo wina akagwapo mlandu ungakhale wanu. Funsani alandilodi kuti ndi ntchito ya ndani. Fosholani chisanapondedwe. Kankhani m'malo monyamula, pindani mawondo, pumani pafupipafupi. Amene anazolowera khasu amaiona ngati ntchito yamasewera, koma chipale chonyowa n'cholemera, kuzizira kumafinya mitsempha, ndipo ntchitoyi imagwetsa anthu ndi mtima. Odwala BP kapena mtima apemphe wina. Mukatha wazani mchere wa pamsewu; kukazizira kupitirira madigiri 10 pansi pa ziro mcherewo umafooka, ndiye wazani mchenga. Werenganinso zikwangwani zoimika galimoto. Ku Montreal, ku Canada, amaika zikwangwani zaolenji asanachotse chipale mumsewu, ndipo galimoto yosiyidwa pamenepo amaikoka.

Thupi likagwidwa ndi chisanu

Zimayambira kunsonga: zala, makutu, mphuno, masaya. Mabuku ambiri amati khungu limafiira kenako n'kuyera, koma pakhungu lakuda zimenezi sizioneka msanga. Dalirani zomwe mukumva. Kuyamba ndi kulasalasa ngati singano, kenako dzanzi, kenako khungu limalimba n'kutuwa. Ululu ukasiya wokha muli panja pomwepo, zinthu zaipa. Lowani m'nyumba, vulani mphete ndi zonyowa, viikani malowo m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39 kwa mphindi pafupifupi 30. Madziwo awayese munthu wina ndi chigongono, chifukwa dzanja ladzanzi silimva kutentha. Musatikite, musaothe pa hita kapena pachitofu: mnofu woundana umanyenyeka mkati ukatikitidwa, ndipo umapsa mwini wake osamva. Pofunda pamapweteka kwambiri, ndi mmene zimakhalira. Matuza akatuluka musaboole, pitani kuchipatala. Ngati mukuyenera kutulukanso panja pozizira, musafunditse kaye, chifukwa kuundana kawiri kumawononga koposa.

Thupi lonse likazizira mkati, kutsika pa madigiri 37 kufika pansi pa 35, munthu amanjenjemera kwambiri, amalankhula ngati woledzera, amapunthwa, amalephera kukoka zipi. Akasiya kunjenjemera ali chizizirire, kapena akayamba kuvula zovala, imbani ambulansi nthawi yomweyo. Mugonekeni pofunda mosamugwedeza, muvuleni zonyowa, mufunditseni chifuwa, khosi ndi mutu poyamba. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni tiyi wa shuga. Mowa musamupatse, ndiponso inuyo musamwe kuti mufunde poyenda usiku: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pomwe kutentha kwenikweniko kukuthawa m'thupi. Musamuike m'bafa la madzi otentha. Khalani naye pafupi, muzimulankhula ndi kuona kapumidwe kake mpaka a ambulansi atafika.